Malume osakhulupirira chinthu asanachione

Banja lililonse lili nawo amodzi otere.

Mphwawo: Malume, mwamva za Gaia BH1? Ndi black hole, chinthu cha m'mlengalenga chokoka zinthu mwamphamvu zedi, ndipo ndi yapafupi kwambiri ndi ife pa zonse zomwe zapezeka. Anailengeza mu 2022.

Malume: Ndionetse chithunzi.

Mphwawo: Palibe. Siiwala, kuwala kukalowamo sikutulukanso.

Malume: Ndiye anaiona bwanji?

Mphwawo: Sanaione. Telesikopu ya Gaia, yomwe a ku Ulaya anaitumiza m'mlengalenga mu 2013, inkayeza malo a nyenyezi zoposa biliyoni imodzi. Ndiye anapeza ina, yofanana ndi dzuwa lathuli, ikuyenda modzandira. Masiku 186 alionse ikuzungulira kanthu kosaoneka.

Malume: Yaledzera imeneyo.

Mphwawo: Ayi malume, chilipo chikuikoka. Atawerengera liwiro lake anapeza kuti chinthucho n'cholemera pafupifupi ka 10 kuposa dzuwa. Nyenyezi wamba yolemera choncho bwenzi ikuwala zedi.

Malume: Anayezera sikelo ya ndani? Masikelo timawadziwa ife, tinagulitsapo soya.

Mphwawo: Ndi masamu. Chikanangolemera ngati dzuwa limodzi ndi theka akanati mwina ndi nyenyezi ya neutron, chotsalira cha nyenyezi yaikulu yomwe inaphulika. Imeneyo kukula kwake ndi makilomita 20 okha.

Malume: Nanga iyi yapafupiyi ili pati?

Mphwawo: Kuwala kochokera kumeneko kumatenga zaka pafupifupi 1,560 kuti kufike kuno.

Malume: Pafupi pamenepo? Iwe wemwe tikakutuma kuchigayo umati n'kutali?

Mphwawo: Mu 2024 anapezanso ina, Gaia BH3, yolemera ka 33...

Malume: Chithunzi.

Mphwawo: Ndanena kale kuti...

Malume: Sanalakwitsepo anthu akowa?

Mphwawo: Analakwitsapo. Mu 2020 anati pa nyenyezi zotchedwa HR 6819 pali black hole, koma mu 2022 kunapezeka kuti ndi nyenyezi ziwiri chabe.

Malume: Ehee! Wamva wekha! Fizi yanga ikupita m'madzi.

(Anti atulukira kukhitchini, mthiko uli m'manja.)

Anti: Tabwereza mwana wanga. Wati chinthu chikamadzandira nthawi yake yomweyomweyo, ndiye kuti pali mnzake wosaoneka akuchikoka?

Mphwawo: Eya anti.

Anti: Ndipo olo osamuona, mutha kudziwa kulemera kwake?

Mphwawo: Bola tidziwe masiku ndi liwiro.

Anti: Tenga cholembera. Malume akowa Lachisanu lililonse kuli maliro ku Bangwe. Malipiro akangolowa, theka lasowa. Liwiro lake, foni ikangolira ali kale pageti, nsapato kumanja.

Malume: Mayi, musamvere za mwanayu. Mwamva nokha, aja a 2020 analakwitsa. Zinali nyenyezi ziwiri basi.

Anti: Oo, ziliko ziwiri?

Malume: Iwe, sukulu mukutsegulira liti?