Mwasintha trigger, koma mwaiyesa?

Loweruka lapitali pa bwalo lina loombera chandamale ku Gauteng, mfuti ya bambo wina inalira yokha pomwe ankatseka bolt, chitsulo chokankhira chipolopolo m'chipinda chake. Chala chinali kutali ndi trigger, kachitsulo kokoka poomba. Mwayi wake kamwa la mfuti linaloza kutsogolo, chipolopolo n'kukalowa mu mulu wa dothi. Eni akewo m'malo mochita manyazi anangoseka, n'kumatinyadira kuti trigger ndi yatsopano, anaika okha dzulo lake usiku ndipo anaifewetsa mpaka kumaomba ikangokokedwa ndi mphamvu ya magalamu 300. Zandinyansa mpaka lero.

Mfuti imene mwaisintha trigger koma simunayambe mwaiyesa yopanda chipolopolo, musabwere nayo pagulu. Ikhale kunyumba. Kaya trigger yake ndi Timney, kaya TriggerTech, kaya Jewell ya ndalama zambirimbiri, dzina la pa bokosi silikuyeserani mfuti. Kampani inayesa trigger yake ku fakitale, koma siinaone mtengo umene chitsulo cha mfuti yanu chimakhalamo, siinaone mmene mwamangira, siinaone sikuluwu imene mwapotokola pakati pa usiku mutangoonera kavidiyo ka pa YouTube. Ntchito yoyesayo ndi yanu.

Anthu akunyengeka chifukwa kuika kwake n'kophweka. Tengani mfuti ya Remington 700, yomwe pafupifupi kampani iliyonse imaipangira trigger. Mumachotsa bolt, kuona kuti mulibe chipolopolo, kumasula masikuluwu apansi, kuzula chitsulo chonse mu mtengo wake. Trigger imagwidwa ndi mapini awiri basi. Lakutsogolo mumalitulutsa lonse, lakumbuyo mumangolikankha pang'ono chifukwa ndi lomwe lagwiranso bolt stop, kachitsulo koletsa bolt kusololoka, ndi kasipuling'i kake, ndipo kakathawa mukasaka pansi pa tebulo mpaka kukwiya. Kulowetsa yatsopano, kubwezera mapini, kwatha. Ndiye munthu amadziona ngati mmisiri wa mfuti.

Chonsecho chomwe chikugwira firing pin, kamsomali koombetsa mfuti, kuti isamenye chipolopolo ndi milomo iwiri yachitsulo, wa trigger ndi wa sear (kachitsulo kokola firing pin), yomwe yakolana pamalo osapitirira theka la milimita. Moyo wa munthu amene waima pafupi nanu uli pa kamaloko. Trigger zambiri zili ndi masikuluwu atatu: ya kulemera, ya overtravel yoletsa trigger kupitirira ikatha kuomba, ndi ya sear yomwe imachepetsa kapena kuonjezera kukolana kuja. Ya sear imabwera yomatidwa dala. Inu n'kumakanda phulalo ndi mpeni kuti muchotse kukwekwereza? Mukaichepetsa kwambiri, kugunda kwa bolt kokha kumaseretsa sear. Mukamasula sipuling'i ya kulemera kupitirira malire amene alembedwa pa pepala, trigger sibwerera yonse pansi pa sear, ndipo lero ikola, mawa sikola. Mukathinitsa overtravel, sear imakhula potsika kapena mfuti siombanso n'komwe. Ndipo trigger yogula padera kawirikawiri imakhala yonenepa kuposa yakale. Ikakhudza mtengo m'kati, kapena kachitsulo kake kokoka kakakhula pa trigger guard, chitsulo chozungulira trigger, kukolana kumachepa inu osadziwa. Kunja kwa mtengo imagwira bwinobwino, mukamanga masikuluwu apansi yasintha. N'chifukwa chake kuyesa kwenikweni kumachitika mfuti itamangidwa yonse.

Kuyesako sikufuna ndalama. Chotsani magazini, yang'anani m'chipinda cha chipolopolo ndi maso, pisanimo chala, zipolopolo zikhale chipinda china. Tsekani bolt mwankhanza kakhumi kapena kupitirira, uku mukuyang'ana kumbuyo kwake. Firing pin ikangotsika yokha ngakhale kamodzi, mfutiyo yalephera, musati mwina zinangochitika. Kenako ikani safety, loko woletsa mfuti kuomba, kokani trigger mwamphamvu, chotsani chala, tsegulani safety. Pasamveke kanthu. Bwerezani safety ili pakatikati. Mukatero imikani mfuti, menyetsani thako lake pa kapeti kuchokera pa masentimita 20 kapena 30, safety ili yotsegula. Imenyeninso ndi chikhatho m'mbali. Pomaliza tengani sikelo yoyezera trigger mukoke kasanu. Manambala akamadumphadumpha, pali chomwe chikukhula, masulani muone. Zonse zikayenda bwino, dontho la penti wa m'zikhadabo pa sikuluwu iliyonse kuti isayende ndi kugunda kwa mfuti. Mukakhudzanso sikuluwu ina iliyonse, kuyesa kumayambiranso poyamba. Kodi pamenepa chovuta n'chiyani? Ulesi basi, ndi kufuna kuonekera.

Pepani sapoletsa chilonda. Chipolopolo cha .308 chikatuluka simungachiitane kuti chibwerere, ndipo mkazi wa mnzanuyo simukamuuza kuti trigger inali ya kampani yabwino.

Ngati mukuganiza kuti ndikukokomeza, kumbukirani kuti mu April 2014 Remington yeniyeniyo inaitanitsa mfuti za Model 700 ndi Model Seven zokhala ndi trigger ya X-Mark Pro, zopangidwa kuyambira May 2006 mpaka April 2014, chifukwa guluu wochuluka amene anaikidwa pomanga akanatha kuchititsa mfuti kuomba yokha. Guluu chabe. Fakitale yokhala ndi mainjiniya ndi makina oyezera inapunthwa pa kanthu kotero, ndiye inu ndi tupa wanu pa tebulo la kukhitchini mukudzidalira chiyani?

Za magalamu 300 zija ndiye zondipsetsa mtima kwambiri. Trigger ya ma ounce awiri, pafupifupi magalamu 57, ilipo ndithu, koma ndi ya benchrest, komwe mfuti imagona pa tebulo, yaloza chandamale, ndipo chipolopolo chimalowa munthu atakhala kale pansi. Mfuti yoyenda nayo m'tchire, yokwera nayo galimoto ya bakkie, yogwira ndi zala zozizira m'mamawa wa July ku Karoo, isatsike pa kilogalamu imodzi, ndipo mapaundi atatu, omwe ndi makilogalamu 1.4, ndi abwino zedi. Ngakhale a biathlon, akatswiri oombera pa mpikisano wa Olympics, lamulo lawo silola trigger yopepuka kuposa magalamu 500. Chomwe chimathandiza kulasa ndi trigger yoduka mwaukhondo pa kulemera komweko nthawi zonse. Ngati mumatsinzina ndi kugwedeza phewa mfuti isanalire, muphonyabe ngakhale itafewa bwanji, kungoti tsopano muphonya moopseza anzanu.

Ndipo inu amene mumapopera mafuta m'kati mwa trigger ngati mukuthira tcheni cha njinga, lekani. Mafutawo amagwira fumbi, amauma n'kusanduka phula, trigger n'kumachedwa kubwerera pansi pa sear, makamaka kukazizira. Enanso mumatsuka mpope mfuti itaima chilili, mankhwala onse n'kumatsikira mu trigger momwemo. Gonekani mfuti kamwa litapendekera pansi, ikani bore guide, kapaipi koletsa mankhwalawo kutsikira mu trigger. Trigger ikada, itsukeni ndi mafuta a laita, ipemerereni mpweya, iume. Ngati zimenezi zikukukanikani, amisiri a mfuti alipo, alipireni.