Ulemu wa paulendo wa mfumu uzifikanso kwa otchetcha udzu

Mfumu ya ku Britain ikamaliza ulendo wa m'dziko lina, pamatuluka maina a anthu amene yawapatsa ulemu chifukwa chotumikira bwino paulendowo. Ulemuwu ndi wa Royal Victorian Order, umene Mfumukazi Victoria anayambitsa mu 1896. Chimene ndimaukondera n'chakuti sudzera kwa nduna ayi. Mwini mpando amasankha yekha munthu amene wamugwirira ntchito n'kumuthokoza.

Koma tawerengani mainawo. Kawirikawiri mupeza kazembe, alembi a kunyumba yachifumu, akuluakulu oyang'anira chitetezo. Magawo a ulemuwu alipo asanu, ndipo awiri apamwambawo ndi aja amasandutsa munthu Sir kapena Dame. Palinso Royal Victorian Medal, mendulo ya golide, siliva kapena mkuwa, ya antchito a maudindo aang'ono. Ndiye kuti njira yothokozera munthu wamba ilipo kale, vuto n'lakuti sifika patali.

Mu Julaye 1979 Mfumukazi Elizabeth II anacheza kuno ku Malawi pochokera ku Tanzania, asanapitirire ku Botswana ndi ku msonkhano wa Commonwealth ku Lusaka. Malume anga anali m'gulu la okonza msewu umene alendowo anadzeramo. Ankalawirira kukadali chisisira, m'kuzizira kuja kwa Julaye, kukatchetcha udzu ndi kupaka laimu miyala ya m'mbali mwa msewu. Amayi amati manja awo anachita kung'ambika ndi laimuyo, moti madzulo ankalephera kutema nsima yotentha. Tsiku lenilenilo anaima kumbuyo kwa ana asukulu onyamula timbendera, galimoto n'kudutsa kamodzi, basi.

Sindikunyoza akazembe. Kukonza ulendo wotere kumatenga miyezi, ndipo munthu amagona tulo tochepa. Komabe mutu umodzi susenza denga. Dalaivala amene sanachedwe ngakhale mphindi, wophika, mayi wochapa ndi kusita nsalu za patebulo, wapolisi amene anakhala chiimire padzuwa tsiku lonse, onsewa ulendo anausenza pamapewa. Bwanji okonza ulendo osafunsa akapitawo a m'dzikomo kuti atchuleko awiri atatu mwa anthu amenewa?

Malumewo sanadandaulepo. Mpaka ukalamba wawo nkhaniyi ankaikamba monyadira, akuloza ndi ndodo kutalika kwa msewu umene anayeretsa. Ine ndi amene zimandiwawa, chifukwa atamwalira tinatsegula sutikesi yawo, ndipo munalibe ngakhale kakalata kamodzi kosonyeza kuti analipo.