Mwayi timauika pamalo polakwika

Kuno ku Mangochi munthu akachita bwino timathamangira kunena kuti ali ndi mphumi. Ine zimandipweteka, chifukwa nthawi zambiri timaunamizira mwayi.

Kwa ine mwayi ndi chinthu chokhudza moyo wako chomwe sunachipange ndi manja ako, ndipo sukanatha kuchidziwiratu. Chimodzi mwa ziwirizi chikasowa, chimenecho ndi china.

Taganizirani siginala, msodzi wokopa usipa ndi nyali, wa ku Msaka kapena ku Malembo. Amapalasa bwato usiku ndi nyali zake, akudziwa kuti mwezi ukawala usipa susonkhana pa nyali. Amamva mphepo pakhungu n'kuzindikira kuti mwera uli pafupi, amadziwa nthawi yoitana alovi, antchito okoka ukonde, kuti aponye ukonde wa chilimira. M'mawa boti likafika lodzaza, ena pagombe amati mwayi, ena amanong'onezana kuti ali ndi mankhwala. Zaka zonse zimene munthuyu wakhala akuphunzira nyanja timangozifufuta ndi pakamwa. Mwayi ulipo pa ntchitoyi, sindikukana, nyanja imasintha osatsanzika. Koma gawo lake ndi lochepa kuposa momwe timanenera.

Nanga chambo cha ku Malombe? Chinasowa cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo ena mpaka lero amati linali tsoka. Tsoka lanji pomwe maukonde a maso ang'onoang'ono ankakokolola ndi tiana tomwe, n'kuzula udzu wa pansi pamadzi pomwe nsomba zimabisala? Zimenezo tinachita tokha, tikuona.

Mwayi waukulu, womwe sitikonda kuutchula, ndi khomo lomwe wabadwira. Mwana wa mwini injini ndi maukonde, ndi mwana wa mlovi wake, onse akhoza kukhala akhama mofanana. Akanyamuka kupita ku Joni, wina amakalandiridwa ndi amalume ake, malo ogona alipo, ntchito yamupezera kale. Mnzakeyo amayamba ndi ngongole ya ulendo. Palibe mwa iwo anasankha mimba yobadwamo. Koma woyambayo akabwera ndi galimoto amati ndi thukuta lake lokha, ndipo ife timavomereza, n'kumutcha mnzake uja waulesi.

Apa ndi pomwe mtima wanga umawawa kwambiri. Mtsikana wa ku Makanjira akasiya sukulu chifukwa sekondale ili kutali ndipo kwawo kulibe njinga, timamudzudzula ngati mtundawo anauyeza yekha.