Dokotala uja ndinali ine

Ndiyambe ndi kudziulula. Kwa zaka zingapo ndinali m'gulu la anthu aja amene dzuwa silingalowe asanaponye mawu anzeru pa status. Mukuwadziwa mawu ake: chithunzi cha nyanja kapena cha mkango, pakati chiganizo chimodzi cha chikondi kapena cha kulimba mtima, pansi dzina la munthu wotchuka amene mwina sanalankhulepo n'komwe zimenezo. Ndipo kunena mosabisa, ambiri mwa mawuwo sindinkawaponya chifukwa choti andikhudza. Pankakhala munthu amene ndinkafuna kuti awerenge, zimulase. Ndikaponya, ndinkabwererako kawirikawiri kukasuzumira ngati dzina lake latuluka pa amene aona. Inu amene mukusekanu mukuseka chifukwa nanunso munachitapo. Paja anyani amasekana zikundu.

Khalidweli linatha bambo anga atadwala sitiroko n'kubwera kudzakhala nane. Dzanja lamanja linafooka, ndiye ankadya ndi lamanzere, ndipo zowadyetsa sankafuna kumva n'komwe. Mbale imene ine ndimamaliza m'mphindi khumi iwo inkawatengera pafupifupi ola lathunthu. Supuni inkanyamuka, n'kumanjenjemera m'malere, pofika pakamwa theka litatayikira pa malaya. Ine ndili phee moyang'anizana nawo, foni m'manja, diso pa wotchi. Usiku wina ndinangozindikira kuti chala changa chikulemba pa status kuti chikondi n'choleza mtima, pomwe mutu wanga ukuwerenga masupuni otsala m'mbalemo, ndipo chifuwa chili chodzadza ndi mkwiyo umene sindingautchule pamaso pa anthu.

Masiku omwewo ndi pomwe ndinakumana ndi dokotala wa m'nkhani ya Fyodor Dostoevsky, wolemba mabuku wa ku Russia. M'buku lake lomaliza, The Brothers Karamazov, lomwe linatuluka mu 1880, muli mayi wina wolemera amene anapita kwa mmonke wokalamba dzina lake Zosima. Mayiyo akuti amalota atasiya zonse n'kukasamalira odwala, kuwatsuka mabala ndi manja ake, koma amaopa chinthu chimodzi: bwanji wodwalayo akapanda kuthokoza? Mmonke uja anamuyankha pomufotokozera zimene dokotala wina anamuululira. Dokotalayo ankati amakonda mtundu wonse wa anthu, mwinanso akhoza kuufera pamtanda, koma sangathe kukhala masiku awiri m'chipinda chimodzi ndi munthu aliyense. Tsiku limodzi lokha limakwana kuti ayambe kudana ngakhale ndi munthu wabwino kwambiri, wina chifukwa amachedwa kumaliza kudya, wina chifukwa ali ndi chimfine ndipo akungomina.

Nditafika pa mawu oti amachedwa kumaliza kudya ndinatseka bukulo. Ndinachita manyazi ngati munthu amene wapezeka akumvetsera pakhomo la eni. Munthu wa ku Russia amene anamwalira mu 1881 anadziwa bwanji za tebulo langa?

Anadziwa chifukwa sankalemba za m'maloto. Mu Disembala 1849, ali ndi zaka 28, anamuimika pabwalo mumzinda wa St Petersburg pamodzi ndi anzake kuti awomberedwe, ndipo uthenga woti mfumu yawachitira chifundo unawerengedwa mfuti zili kale m'manja mwa asilikali. Kuchoka apo anakakhala zaka zinayi kundende ya ku Omsk, ku Siberia, m'nyumba yothithikana ndi akaidi, momwe munthu sakhala yekha ngakhale kamphindi. Wotereyu akamanena za kutopa ndi mpweya wa mnzako, ndi kutafuna kwake, ndi kukhosomola kwake, akunena zimene mphuno ndi makutu ake zinakumana nazo. N'chifukwa chake ndimamukhulupirira mmonke wake uja akamati chikondi chochita n'chowawa komanso choopsa tikachiyerekeza ndi chikondi cha m'maloto. Cha m'maloto chimafuna ntchito yaikulu, yachangu, ndipo anthu azionerera. Chochitacho ndi thukuta ndi kupirira basi. Palibe amene amawomba m'manja poona munthu akupukuta malaya a bambo ake kachitatu.

Apa ndi pomwe maganizo anga afika, ndipo ena mundida nawo. Mawu anzeru amene timagawana pa intaneti timawasankha ngati mmene munthu amasankhira mwala woti agende nawo. Pafupifupi onse amanena za anthu ena: anthu achinyengo, anthu osayamika, anthu amene sakudziwa kufunika kwako. Woponyayo nthawi zonse amakhala wolakwiridwa, wamtima wabwino, wozunguliridwa ndi njoka. Koma ukapita kumene mawuwo anachokera, upeza kuti olemba amene anafikadi pansi pa mtima wa munthu ankayamba adzigenda okha.

Taonani zimene timamuchita Marcus Aurelius, mfumu ya Aroma imene inalamulira kuyambira chaka cha 161 mpaka 180. Pali ndime yake ina imene imazungulira kwambiri, yoti ukadzuka m'mawa udziuze kuti lero ukumana ndi anthu olowerera za eni, osayamika, odzikuza, achinyengo ndi ansanje. Timaidula pamenepo, chifukwa pamenepo ndi pomwe ikutikomera. Koma iye anapitiriza. Anati anthu amenewa ndi abale ake, sangawakwiyire kapena kudana nawo, chifukwa tinabadwira kugwirira ntchito limodzi ngati mapazi, ngati manja, ngati zikope, ngati mano a m'mwamba ndi a m'munsi. Ndiponso zimenezi sankalembera ife. Zinali zolemba zake zamseri, mfumu ikudzilangiza yokha kuti isapse mtima. Ife tatenga mankhwala a munthu amene ankadzichiza yekha n'kuwasandutsa chitonzo cha kwa mnansi.

Amene amandisowetsa tulo kwambiri ndi Aleksandr Solzhenitsyn, wolemba mabuku winanso wa ku Russia. Chiganizo chake chotchuka ambiri tinachionapo, choti mzere wolekanitsa zabwino ndi zoipa umadutsa mumtima wa munthu aliyense. Chimamveka bwino, chimakwana pa chithunzi. Koma kodi mukudziwa nkhani imene anaifotokoza asanafike pa chiganizocho? Mu Febuluwale 1945, ali kaputeni m'gulu lankhondo la Soviet Union, anamangidwa chifukwa cha makalata amene ankalembera mnzake, momwe ankanyoza Stalin, mtsogoleri wa dzikolo. Akuyendetsedwa wapansi pamodzi ndi akaidi ena, msilikali wowaperekeza anamuuza kuti anyamule sutikesi yake. Iye anakana. Anati ndi mkulu wa asilikali, sutikesiyo anyamule Mjeremani, bambo wachikulire amene anali pagulupo ndipo sankamva n'komwe chinenero chawo. Mjeremani uja ananyamula mpaka kutopa. Kenako akaidi enawo anayamba kulandizana katunduyo popanda wowalamula, onse kupatula mwini wake. Ndipo akuti tsikulo sanamve manyazi ngakhale pang'ono, ankayenda akudziona ngati munthu wosalakwa amene akuvutikira choonadi.

Munthu ameneyu anakhala zaka zisanu ndi zitatu m'ndende ndi m'misasa yachibalo. Anali ndi zifukwa zonse zolembera buku loti ife abwino, iwo oipa. M'malo mwake, m'buku la The Gulag Archipelago lomwe linayamba kusindikizidwa ku Paris mu 1973, pa mutu womwe akufotokoza nkhanza za apolisi achinsinsi, anaima n'kudzifunsa ngati iyenso sakanakhala mmodzi wa iwo zinthu zikanayenda mwina. Umboni wake unali sutikesi ija. Mukachotsa sutikesiyo, chiganizo chija chimangokhala chokongoletsa. Ndipo ine ndikamachiwerenga tsopano ndimadzifunsa kuti yanga akundinyamulira ndani, pomwe ndikuyenda ndikudzimvera chisoni. Nthawi imene bambo ankadwala ija, yankho linali mkazi wanga, amene ankadzuka pakati pa usiku kukawatembenuza ine ndikuti ndatopa ndi ntchito.

Wina anena kuti olembawa nawonso anali achinyengo, nanga tiwamverenji? Funso limeneli sindilipeputsa. Jean-Jacques Rousseau analemba buku lonse la kaleredwe ka ana, Emile, mu 1762, pomwe ana ake asanu anakawasiya kunyumba ya ana otayidwa ku Paris. Leo Tolstoy anaphunzitsa dziko za chikondi ndi kusabwezera choipa, koma m'nyumba mwake munali moto. Mkazi wake Sophia anamuberekera ana 13, anakopera pamanja buku la mwamuna wake la War and Peace mobwerezabwereza, ndipo atakhala m'banja zaka 48, mwamunayo anathawa panyumba usiku mu 1910 ali ndi zaka 82. Anadwalira pa siteshoni ya sitima ya Astapovo. Sophia anamutsatira, koma anamuletsa kulowa mpaka mwamuna wake atakomoka. Chilipo chithunzi chake ataima panja, akusuzumira pawindo. Nthawi zonse ndikaona mawu a Tolstoy onena za chikondi ali pa chithunzi cha maluwa, ndimakumbukira mayi ameneyu ali pawindo paja, ndipo ndimalakalaka akanaika chithunzi chimenecho.

Komatu sindiwataya mawu awo chifukwa cha zimenezi. Ndimangowawerenga mosiyana. Ngati munthu amene anaona chikondi bwino chotero analephera kuchichita kwa mkazi wa m'nyumba mwake, ine amene ndangowerenga chiganizo chimodzi pa foni ndidzitame ndi chiyani? Kulephera kwa Tolstoy ndiye dokotala uja wa Dostoevsky ali ndi nyama ndi mafupa: kukonda anthu onse kunamuphwekera kuposa kukonda Sophia.

Za kulimba mtima ndinena mwachidule, chifukwa pamenepa ndiye timanamizana koopsa. Pa status kulimba mtima nthawi zonse kumatanthauza kuchoka, kudula anthu, kuwauza zoona kumaso. Nthawi zina n'zofunikadi, makamaka pomwe pali nkhanza, ndipo amene anachoka pa malo otero ndimawapatsa ulemu. Koma Aristotle, munthu wanzeru wa ku Greece, zaka zoposa 2,300 zapitazo, anaona kale kuti kulimba mtima kuli ndi adani awiri, mantha mbali ino, kuchita zinthu mosaganiza mbali inayo, ndipo wachiwiriyu amavala malaya ofanana ndi kulimba mtima kwenikweniko. Anatinso khalidwe limabwera pochita, monga mmisiri amaphunzira kumanga pomanga. Munthu salimba mtima powerenga za kulimba mtima. Ine ndinali nditaponyapo mawu ambirimbiri a mikango, koma zinanditengera milungu itatu kuti ndipeze mphamvu yongolankhula chiganizo chimodzi kwa munthu wokalamba wa dzanja lofooka.

Tsikulo foni ndinaisiya kuchipinda dala. Ndinakhala pampando wanga uja, manja ali pa tebulo, osadziwa kuti ndiwaike pati. Bambo ananyamula supuni yoyamba, yachiwiri, kenako anaiika pansi n'kundiyang'ana.

"Lero suthamangira kwina, mwanawe?"

Ndinati ayi, bambo, ndilipo. Kenako ndinawauza kuti andikhululukire, chifukwa masiku onsewa ndimakhala nawo pa tebulo koma mtima uli pakhomo.

Anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, imene inkagwirabe ntchito. Anati ankaona. Anati diso langa likapita pa wotchi iwo ankayesa kufulumira, ndipo akafulumira ndi pomwe dzanja linkanjenjemera kwambiri n'kutaya chakudya. Ndiye kuti theka la zimene ndinkapukuta pa malaya awo ndinkazitaya ndine.

Sindinayankhe. Anatolanso supuni ija. Usiku umenewo anadya kwa ola limodzi ndi mphindi zisanu, ndikudziwa chifukwa ngakhale ndinayesetsa, wotchi ndinaiyang'anabe kawiri.