Anyamata a malegeni, nkhunda si njiwa

Ana inu, tcherani khutu, ndipo makolo anu amve nawo. Sabata yathayi ndatola nkhunda zanga ziwiri kuseri kwa nkhokwe, imodzi itathyoka phiko, ina itafa kale. Mnyamata amene ndinamugwira ndi legeni m'manja anandiyankha mopanda manyazi kuti, "Agogo, ndimayesa njiwa." Ndimayesa njiwa! Mbalame yoyera mbee, itatera padenga la nyumba yanga?

Poti mwayamba kubisala m'mawu, lekani ndikuphunzitseni mawuwo. Njiwa ndi ya kutchire. Ndi yotuwa, ili ndi kamzere kakuda kumbuyo kwa khosi, imalira m'mitengo mbandakucha ndipo palibe amaipatsa madeya. Nkhunda ili ndi mwini. Ili ndi khola limene munthu anakwera pamakwerero kukalimanga, ndipo ngakhale ikadye kutali imabwerera kwawo dzuwa lisanalowe. Ana ake timawatcha maunda. Ngakhale ku tchalitchi mumamva pa Luka 2:24 kuti nsembe ya Yosefe ndi Mariya inali njiwa ziwiri kapena maunda awiri. Amene anamasulira mawuwo anadziwa kusiyanitsa, ndiye inu obadwira m'mudzi muno mulephere bwanji?

Chimene chikundiwawa n'chakuti simudziwa kuti mwala umodzi umapha zingati. Nkhunda imaikira mazira awiri okha. Tambala ndi thadzi amasinthana kufungatira masiku 18, ndipo maunda akaswa makolo onse awiri amawalavulira chakudya cha m'chithokomiro mwawo, chonga mkaka. Pamatenga pafupifupi mwezi kuti tianato tiuluke. Mukalasa mayi, mazira amazizira kapena maunda amafota m'chisa, ndipo yotsalayo imangozungulira khola masiku ambiri, chifukwa mbalamezi zimakhala ziwiriziwiri ngati banja. Ndi chifukwa chake mnyamata wofunsira amati "nkhunda yanga", ndipo pa makadi a ukwati amajambula ziwiri zitayang'anana. Mawa lomweli mudzanena mawu amenewa kwa mwana wa eni, legeni ili m'thumba.

Akuluakulu nanunso musaone ngati ndakulambalalani. Alipo ena, sinditchula maina, amene akaona nkhunda zikutola mphale pamkeka amathira tameki m'madeya n'kuwaza pabwalo. Kodi mphale yake yochuluka bwanji? Ikani mwana apirikitse, kapena bwerani mundiuze ndikubwezereni mbale yodzaza. Poizoni sasankha. Nkhuku ya mnzanu idzatola, galu adzadya yakufayo, ndipo mwana wanjala akaipeza m'munda adzaiotcha osadziwa chaipha.

Makolo athu ankati nkhunda sizikhala pakhomo pa ndewu, zimasamuka. Ine ndinkaseka ndili mnyamata, koma ndaona makola atatu m'mudzi muno atangoti pululu. Kaya ndi mikangano, kaya ndi miyala yanuyi, khola lopanda kanthu ndi lopanda kanthu basi. Pajatu m'khola limenelo ndimo timapatula ndiwo mlendo akafika mwadzidzidzi, ndimo mumachoka ya mchere ndi makope a kusukulu.

Mnyamata uja ndamukhululukira chifukwa agogo ake anabwera okha kudzapepesa. Wina ndikadzamugwira sindidzalankhula naye, tidzakaonana kwa a mfumu, bambo ake atanyamula nkhunda ziwiri zamoyo, tambala ndi thadzi.