Ku Mozambique amathawa madzi asanafike, ife timadikira alowe m'nyumba

Msuweni wanga wa ku Quelimane wandiwawitsa mtima osadziwa. Tikucheza pa Chiponde, amandifotokozera mmene kwawoko zinayendera namondwe wa Freddy asanafike mu Malichi 2023: wailesi ndi mafoni kuchenjeza, mafumu khomo ndi khomo, anthu kusamukira m'masukulu mphepo isanayambe. Namondweyo anatera kwawoko ndi ukali wake wonse, koma amene tinalira maliro ochuluka ndife, anthu opitirira 1,000.

Anzathuwa namondwe wa Idai wa 2019 anawaphunzitsa, ndipo anamva. Ngakhale Idaiyo asanabwere, ku Beira anali atakumba kale mtsinje wa Chiveve ndi thandizo la dziko la Germany, n'kuika chitseko choti madzi a mvula azituluka koma a m'nyanja asalowe mumzinda.

Nanga ife kuno ku Mangochi? Nyanja inasefukira mu 2024 ngati kuti sinayambe yachitapo. Malo ogona alendo anamira mpaka m'makhonde, nyumba kugwa, mathandala a usipa kuyandama. Chonsecho agogo athu amakumbukira bwino madzi a 1980. Lamulo lilipo, loletsa kumanga pansi pa mulingo wa mamita 477 kuchokera pa nyanja yamchere. Koma tandiuzani, ndani pa Makawa kapena ku Chembe amene angakulozereni ndi chala pamene pakudutsa mamita 477? Palibe mwala, palibe chikwangwani. Mapuloti amagulitsidwa nyanja ikaphwera, mabwana n'kumanga mipanda pamchenga penipeni, madzi akabwerera n'kumati tsegulani ku Liwonde.

Apa ndisaname, za pa Kamuzu Barrage ku Liwondeko n'zovuta. Mukatsegula zitseko zonse mwamiza a ku Chikwawa ndi Nsanje, ndipo madzi omwewo ndi amene amatipatsa magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira m'chilimwe. Komanso Mozambique si kumwamba ayi. Beira amasefukirabe, ndipo msewu ukachoka m'tauni kumidzi kwawo kumavuta kuposa kwathu.

Koma pa nkhani yokonzekera atisiya kutali. Ife lamulo latsopano la ngozi zogwa mwadzidzidzi tinalivomereza mu 2023, Freddy atatipha kale. Mapulani amathera m'misonkhano ya m'mahotela a kunyanja kuno komwe, ena mwa iwo omangidwa pamalo oletsedwa omwewo. Zikavuta, thumba la chimanga ndi pepala lofolera, kujambulitsa, basi.

Khomani zikhomo za simenti kuyambira pa Boma mpaka ku Monkey Bay, aliyense wogula puloti aziona yekha pamene nyanja imafika.