Ophunzira atsopano aziuzidwa za akuba a pa foni sabata yoyamba

Ophunzira akangofika ku koleji amawaonetsa kogona, kodyera, laibulale ndi kolipira fizi. Ine ndikuti pa sabata yomweyo pakhalenso ola limodzi lowauza momwe anthu akuberedwera pa foni ndi pa kompyuta. Ndipo owauzawo akhale ophunzira anzawo a chaka chachitatu kapena chachinayi, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka momwe amachezera, osati chipepala cha Chingerezi chomatidwa pakhoma.

Kuno ku Mzuzu tili ndi Mzuni ku Luwinga, Unilia, St John of God ndi makoleji ena. Ambiri mwa ana obwera kuno ndi koyamba kusunga okha ndalama zochuluka: ya loni, ya lendi, ya chakudya yomwe makolo atumiza pa Airtel Money kapena Mpamba atagulitsa fodya kapena mbuzi. Akuba nyengo imeneyi amaidziwa bwino.

Ndipo sabwera ngati achilendo ayi. Uthenga umafika pa WhatsApp kuchokera pa nambala ya mnzako wa m'kalasi: "Aise, code yanga yabwera kwa iwe molakwika, tanditumizire msanga." Uyang'ana, zoonadi SMS yalowa, manambala 6. Utumiza poti ndi mnzako. Pomwepo WhatsApp yako yapita, chifukwa code ija inali yotsegulira WhatsApp yako pa foni ina, ndipo nayenso mnzakoyo anali atalandidwa kale yake. Wakubayo alowa m'gulu la kalasi ndi dzina lako n'kuyamba kubwereka ndalama. Alemberanso amayi ako kumudzi kuti wagonekedwa kuchipatala. Ndi mayi uti amene angayambe wafunsa mafunso atamva kuti mwana wake ali pabedi? Izi ndi zimene zimandiwawa kwambiri, chifukwa wolira pamapeto ndi kholo lomwe silinachite kanthu.

Kwina ndi kumalo kosindikizira ma assignment. Mzere ndi wautali, nthawi yopereka yatsala pang'ono, munthu alowa mu Gmail yake pa kompyuta ya eni malo, asindikiza, alipira n'kuthamanga osatulukamo. Wobwera pambuyo apeza zonse zili pambalambanda: chithunzi cha chiphaso cha unzika, makalata a ku banki, zotsatira za mayeso. Pasiwedi nayo imakhala imodzi pa Facebook, pa imelo ndi pa portal ya sukulu, nthawi zambiri chaka chobadwa.

Anthu a ku Mzuzu sitifunika kuuzidwa kuti chosungidwa pamalo amodzi chimatha usiku umodzi. Tinaona laibulale ya Mzuni itapsa mu December 2015, mabuku masauzande n'kusanduka phulusa. Koma mpaka lero wophunzira wa chaka chomaliza amasunga kafukufuku wake yense pa laputopu imodzi, m'chipinda cha lendi chotsekedwa ndi kaloko kakang'ono, pomwe Google Drive, malo osungira zinthu pa intaneti, imapereka 15 GB mwaulere.

Ena mudzati wobedwa ndi wopusa. Ayi ndithu. Mu 2024 akuba a pa intaneti analowerera makina osindikizira mapasipoti a dziko lino, ntchito n'kuima kwa masabata, ndipo Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akubawo akufuna dipo. Ngati zinagwera boma, nanga mwana wongochoka kumene ku sekondale?

Kuseka kumeneku ndi kumene kukudyetsa akuba. Wobedwa amakhala chete poopa kunyozedwa, ndiye msampha womwewo ugwira wina mawa. Atsikana oopsezedwa kuti zithunzi zawo zamseri zitayidwa pa intaneti akapanda kulipira amavutika okhaokha, ena mpaka kusiya kulowa m'kalasi. Chonsecho lamulo lilipo, Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, ndipo kuzunza munthu pa intaneti komanso kulowa mu kompyuta ya mwini popanda chilolezo ndi milandu. Koma mtsikana wa mantha sangapite kupolisi yekha. Pa kampasi pafunika munthu wodziwika, wosunga chinsinsi, woti amuperekeze.

A class rep, a bungwe la ophunzira, inunso aphunzitsi a ICT, izi sizifuna bajeti. Pa ola lija aliyense atulutse foni yake, atsegule WhatsApp, apite pa Settings, Account, Two-step verification, aike PIN yotchingira akuba asanatuluke m'chipindamo. Kenako aimbire makolo n'kuwauza kuti uthenga uliwonse wopempha ndalama m'dzina lake, asatumize asanamve mawu ake pa foni.